Mphukira m'Munda wa Zomera ku Zomba

Anthu ambiri amati Sepitembala ndi mwezi wa fumbi ndi lupsa basi. Ine sindivomereza, pakuti ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Zomba, kufupi ndi munda wa zomera umene mtsinje wa Mulunguzi umadutsamo. M'menemo ndinaphunzira kuti chaka cha mitengo chimayamba mvula isanagwe.

Chisanu chikangotha, muwale umachita maluŵa ofiira uli wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Jakaranda, mlendo wochokera ku South America, amayala maluŵa ake m'misewu ya mzindawo. Koma mitengo imene imandigwira mtima ndi mombo ndi tsamba. Nthaka ili gwaa, dzuŵa likuswa mtengo, iyo imaphukira masamba anthete ofiira ngati magazi. Kufiirako kumatchinjiriza masambawo ku ukali wa dzuŵa, ndipo pakapita masabata ochepa amasanduka obiriŵira. Madzi ndi chakudya chophukirira zimachokera ku mizu yozama. Motero mvula ikamadza imapeza mitengoyi itavala kale.

Nawonso antchito a m'mundamo sadikira mitambo. Ndinkaŵaona m'mamaŵa ali kalikiliki ku nazale, ena akusefa dothi ndi kulisakaniza ndi manyowa, ena akulithira m'machubu, ena akuthirira mbande ndi makheni dzuŵa lisanakwere. Amatolanso njere za mitengo, ndipo za mombo zimafuna changu chifukwa makoko ake amaphulika kukatentha ndi kumwaza njere kutali. Ntchito ina yolemetsa ndi kulambula m'malire kuti moto wolusa usaloŵe, poti mtengo wa zaka makumi asanu ungapse tsiku limodzi. Bambo wina wachikulire, amene ankandilola kumunyamulira madzi, ankati mbande yofesedwa mochedwa imakafika m'dzenje ili yanthete, ndipo ng'amba ikadza siipirira. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Mundawu anauyambitsa mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston. Cholinga chake chinali kuyeseramo mbewu zochokera kunja. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, ndipo ntchito yaikulu tsopano ndi kufufuza ndi kusunga zomera zathu zomwe.

Kufunika kwa ntchitoyi kumaoneka tikakumbukira mkungudza wa ku Mulanje, umene dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, limakumbutsa za Whyte yemweyo. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu, komabe macheka ndi moto zinausakaza kotero kuti pofika 2017 pa phiri lonselo panatsala mitengo ikuluikulu yoŵerengeka pa zala. Chiyembekezo chake chagona pa njere zimene anthu anasunga ndi mbande za m'manazale.

Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala, ndipo timaombera m'manja alendo olemekezeka pamene akukwirira mbande. Ine ndimakumbukira manja amene anaifesa ndi kuithirira nyenje zikulira, chizimalupsa chisanagwe. Wophunzira amene akufuna kudzadzala mtengo pa sukulu yake ayambe kutola njere ndi kukonza nazale masamba a mombo akadali ofiira.