Kadzutsa wa 11 koloko

Loweruka lapitali ndinapita ku Lilongwe kukaona mwana wanga wamkazi. Ndinakwera minibasi pa Kamwendo kusanache, m'mimba muli pululu. Nditangofika akuti, "Bambo, tiyeni tikadye brunch." Eti ndi kadzutsa wophatikiza ndi nkhomaliro, wa anthu odzuka mochedwa. Kwathu kuno ku Mchinji ikamakwana 11 koloko munthu umakhala waweruka kale kumunda, mbatata ya m'mawa unaiwala kalekale.

Tinalowa pamalo ena ku Area 10. Anabweretsa mazira awiri, buledi wootcha, ndi chiponde m'kambale kangati chitsekerero cha botolo. Chipondecho ndiye chinandisowetsa mtendere. Si mtedza wathu womwewu, umene mavenda amatilanda ndi masikelo awo aja?

Bilu itabwera mwana anaiphimba ndi dzanja, koma ndinali nditaona kale. Ndowa ya mtedza woswa yathera pa mbale ziwiri! Mawu anafika pakhosi. Koma nditaona mmene nkhope yake imawalira poti wadyetsa bambo ake ndi ndalama ya thukuta lake, ndinangoti, "Zakoma, mwanangu."

Pobwerera, minibasi itaima pa Namitete, ndinagula chimanga chootcha chiwiri.