Manjawo muwasiye choncho

Ntchito yanga ndi ya pakamwa. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikulankhula pa wailesi yathu ya m'dera kuno ku Angónia, kulengeza mitengo ya mbatatesi ndi chimanga, mauthenga a maliro, ndi moni wa achibale a mbali zonse ziwiri za malire. Ambiri a inu mumadziwa mawu anga okha, nkhope simuidziwa. Mwina n'chifukwa chake ndinachedwa kuphunzira kuti nkhope ya munthu ili ndi mwini wake.

Chaka chatha bungwe lathu la zachikhalidwe linagwirizana zojambula agogo a m'midzi mwathu, kuti zithunzi zawo zidzapachikidwe pa 4 Okutobala, tsiku lokumbukira mtendere umene unasainidwa ku Roma mu 1992. Poti foni yanga ndiyo inali yabwinoko, ntchitoyo inagwera ine.

Mtundu wa zithunzi umene ndinkafuna ndinali nditauona kale. Mphunzitsi wina ku Ulongwe anandionetsa zithunzi za Sebastião Salgado, wojambula wa ku Brazil, amene mu 1994 anajambula anthu a dziko lathu akuchoka kumene anathawira nkhondo kubwerera kwawo. Zinali zopanda mitundu, zakuda ndi zoyera basi, koma khungu la munthu linkaoneka ngati ungalikhudze. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, pakuti inenso ndinali mmodzi wa ana otere. Banja lathu linathawira ku Dedza mu 1986 ndipo tinabwerako mu 1993. Mumtima ndinati agogo athu ndiwajambula chomwechi, kuti aliyense woona adziwe zimene anapirira.

Ndinayesa masabata angapo, ndipo ndinapeza kuti chinsinsi chachikulu si foni ayi, koma kumene kuwala kukuchokera. Mlimi aliyense akuchidziwa ichi. Dzuwa likakhala paliwombo munda umaoneka wosalala, koma likapendeka madzulo mzere uliwonse umagwetsa mthunzi wake, mpaka ungathe kuiwerenga uli kumsewu. Nkhope nayonso ndi choncho. Kuwala kochokera kutsogolo, monga kwa fulashi, kumakwirira makwinya. Kuwala kochokera pambali kumawafukula limodzilimodzi.

Malo abwino ndinawapeza m'khitchini ya kumudzi, ija ya khomo limodzi yopanda zenera. Munthu umamukhazika pafupi ndi khomo, phewa limodzi litaloza kunja, kuti tsaya limodzi liwale, lina likhale mumdima. Makoma akuda ndi utsi amameza zonse za kumbuyo. Mbali ya mdimayo ikada kwambiri, mwana amagwira thumba loyera la ufa cha kumeneko kuti libweze kuwala pang'ono. Galasi la kamera umalipukuta, umaima mapazi awiri kapena atatu kuti mphuno isatupe, umadina pankhope pa foniyo ndi kutsitsa kuwala mpaka patsaya pasayere mbuu.

Zotsala zimachitika usiku, ndi chala. Ine ndinkagwiritsa ntchito pulogalamu ya Snapseed. Poyamba umachotsa mitundu. Kenaka umakulitsa kusiyana kwa mdima ndi kuwala. Pali chida china chimene pa foni yanga chimalembedwa kuti Estrutura: ukachikweza, kamzere kalikonse ka pakhungu kamatuluka ngati khungwa la mtengo. Ndi Pincel umayenda pankhope pang'onopang'ono, kudetsa m'makwinya ndi pansi pa maso, kuwalitsa pamphumi ndi m'maso mwenimwenimo. Akatswiri akale ankachita zomwezi m'chipinda cha mdima, kutchinga kuwala ndi manja potsuka chithunzi. Pomaliza umawaza timadontho tonga mchenga kuti chioneke ngati cha filimu yakale.

Nditaona kuti ndadziwa, ndinayamba ndi amayi anga ku Domwe. Ndinawatumizira uthenga kuti ndibwera Loweruka m'mawa. Ndinawapeza atasamba, atadzola mafuta, atavala chitenje chimene amasungira maukwati ndi duku latsopano. Anali atatulutsa mpando pakhonde, pafupi ndi maluwa awo.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinene poyera. Ndinawauza kuti mafutawo akunyezimira, awapukute. Ndinawapempha kuti avale duku lakale lija amapita nalo kudimba. Ndinawachotsa pakhonde kuwalowetsa m'khitchini, ndipo ndinati asamwetulire. Iwo sanatsutse. Anangoti, “Inu a pa wailesi ndinu mukudziwa,” n'kukhala pamene ndinawalozera.

Usiku umenewo ndinakonza chithunzicho mpaka tambala woyamba. Anzanga kuntchito atachiona anagwira pakamwa. Wina anati chikuyenera kukapachikidwa ku Maputo. Ndinakachisindikiza chachikulu ku Ulongwe, ndipo Loweruka lotsatira ndinakwera njinga yamoto ndili ndi chimwemwe cha mwana wopambana mayeso.

Amayi anachigwira ndi manja awiri, nachiyang'ana osalankhula. Kenaka anafunsa, “Ameneyu ndani?”

“Ndinu amayi.”

“Ayi bambo. Uyu ndi mayi wa pamzere wa ufa ku Dedza. Ine ndinamusiya komweko.”

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi luso, kuti anthu akunja amakonda zotere. Pamenepo anandiuza nkhani imene sindinaimvepo, ngakhale ndinalipo, nditagwira chitenje chawo. Tsiku lina lolandira chakudya kunabwera mlendo ndi kamera. Iwo anali atachokera kokatola nkhuni, fumbi thupi lonse, mlongo wanga ali kumsana akudwala. Anakweza dzanja kupempha kuti adikire apukute kumaso, koma mlendoyo anali atajambula kale, n'kupita kwa wina. Sanawafunse dzina, ndipo chithunzicho sanachionepo. “Kwinakwake kuli khoma limene ndapachikikapo ndi litsiro langa,” anatero. “Uja anali mlendo. Lero ndasamba ndekha, mwana wobala ndekha akundiuza kuti ndipukute.”

Ndinasowa chonena. Makwinya onse a pachithunzipo analidi awo, sindinajambulepo limodzi lomwe ndi chala changa. Koma ndinasankha ndine kuti awoneke ndi ati ndipo zibisike ndi ziti. Ndinabisa duku latsopano, maluwa, malata amene anakhoma ndi ndalama za mbatatesi, ndi mano awo amene akali onse. Zaka zoposa 30 zimene akhala akumanganso moyo ndinazimiza mumdima wa khitchini, n'kusiya zaka 7 za kuthawa. Achinyamata timawaseka akamayeretsa nkhope zawo pa foni mpaka osazindikirika. Ine ndinachita zomwezo, kungoti ndinalowera mbali inayo.

Sindikunena kuti zithunzi zolimba zotere n'zoipa. Ricardo Rangel, mkulu wa ojambula a dziko lathu amene anamwalira mu 2009, anajambula m'nthawi ya atsamunda kamnyamata kabusa kamene bwana wake anakawotcha pamphumi ndi chitsulo chodindira ng'ombe. Chithunzi chimenecho chimawawa kuchiona, ndipo chiyenera kuwawa, chifukwa chipseracho chinalipo ndipo wochita nkhanzayo akanakonda kuti chibisike. Koma amayi panalibe chimene ankabisa. Ine ndinkafuna kuti anthu anditame, ndipo ndinabwereka nkhope yawo osawauza kuti ndikaigwiritsa ntchito yanji.

Tinajambulanso tsiku lomwelo. Anadzola mafuta awo, anavala duku lawo, anakhala pakhonde mumthunzi, pamene kuwala kumabwera mofewa kuchokera pabwalo ponse. Mitundu ndinaisiya. Anaseka chifukwa nkhuku inadumphira pampando, ndipo ndinadina pomwepo.

Tikuyang'ana zithunzi pa foni, tinafika pa china cha tsiku loyamba lija, chimene ndinajambula mongoyesa kuwala: manja awo okha ali pamiyendo, m'khitchini muja. Ndinali nditachikonzanso mwa njira yomweyo, misempha itatuluka, ming'alu ya m'zala ikuoneka, chikhadabo chimene chinaphwanyika ndi mwala wa kudimba chili poyera. Ndinafuna kuchidutsa msanga, koma anandigwira dzanja.

“Ichi ndiye mwajambula,” anatero. “Manjawo muwasiye choncho. Amenewa ndi amene anakunyamulani kuwoloka malire, ndi amene anagumula zitsa titabwerera. Anthu awaone. Koma nkhope ndi yanga, ndiyo adzukulu adzaiyang'ane ine kulibe.”

Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe. Gogo aliyense ndinkamujambula kawiri, pakhonde ndi m'khitchini, n'kubwereranso kukamuonetsa ndisanasindikize. Mafuta a njinga anandithera ambiri, koma ndinaphunzira kuti anthu safuna zofanana. Agogo aakazi ambiri anasankha cha pakhonde. Mkulu wina amene anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni anakana cha mitundu, nati chikumuonetsa ngati kalaliki. Anasankha cha mdima, ndipo anandiuza kuti ndiwonjezere pachipsera cha pachibwano, chifukwa anachilipira ndi magazi ake. Gogo wina anakana zonse ziwiri, ndipo ndinazifufuta iye akuona.

Masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse, kuyambira ku Calomue mpaka ku Lizulu, uli ndi mnyamata wa foni yojambula, ndipo chithunzi chojambulidwa m'mawa chimafika ku Johannesburg dzuwa lisanalowe. Kwa achinyamata amenewa njira ndaifotokoza pamwambapa, ndipo imagwira ntchito: khomo limodzi, kuwala kwa pambali, thumba loyera, chala chodekha. Ndingowonjezera chimodzi chimene pulogalamu ilibe. Musanatumize, tembenuzani foniyo, mwini nkhope aone.

Pa 4 Okutobala zithunzi za amayi zinapachikidwa ziwiri moyandikana, nkhope yoseka ndi manja aja. Iwo anabwera atavala duku lomwe lija, naima chapatali kumvetsera zimene anthu akunena. Mayi wina wa kutsidya kwa malire anayang'ana manjawo kwa kanthawi, kenaka anatambasula ake n'kuwayerekeza. Amayi anamuyandikira, ndipo pamene ine ndinkachoka kupita kukawerenga nkhani za madzulo, awiriwo anali akufunsanabe za midzi ya ku Dedza ndi za anthu amene ankatunga nawo madzi.