Masana Amodzi M'chitenti pa Woodhouse Moor

Zikwangwani zinayamba kuoneka m'mawindo a mashopu ndi pamalo odikirira basi, zolengeza kuti circus ikubwera mu Leeds. Mwana wathu wamkazi wa zaka 7 ndiye anayamba kuziwerenga, ndipo kuchokera tsiku limenelo m'nyumba munalibenso nkhani ina. Mlongo wake wa zaka 3 sankadziwa n'komwe kuti circus n'chiyani, koma ankangovomereza zonse zimene mkulu wake wanena.

Ine ndi bambo awo timagwira ntchito mosinthana, wina usana wina usiku, moti masiku oti tonse anayi tiyendere limodzi ndi owerengeka. Tinagwirizana zopita Lamulungu masana. Ndalama ya matikiti anayi inali yoti tikanagulira chakudya cha masiku angapo, choncho mumtima ndinali nditatsimikiza kuti tikaonera zonse mpaka kumapeto.

Kuchokera pakati pa mzinda, munthu amakwera basi yopita ku Headingley. Basiyo imakwera mtunda wa Woodhouse Lane n'kudutsa pa yunivesite ya Leeds, pamene pali nsanja yoyera ya wotchi ya Parkinson Building. Mukangopitirira pang'ono mwafika pa Woodhouse Moor, paki yakale kwambiri mumzindawu, imene khonsolo inagula mu 1857 kuti anthu onse azipumirapo. Pa kapinga pamakhala ophunzira atayala mabuku, ena akuthamanga, ena akuyendetsa agalu. Tsiku limenelo m'mphepete mwa msewu munali mutaimikidwa chitenti chachikulu chofiira, chozunguliridwa ndi malole komanso timanyumba tokoka ndi galimoto. Kuseri kwa timanyumbato kunali zovala zoyanikidwa pachingwe, kanjinga ka mwana katagona pansi, ndi jenereta ikulira. Anthu a circus amakhala pomwepo ndi mabanja awo, ndipo masiku awo akakwana amazula zonse n'kupita tawuni ina.

Popeza tinafika nthawi idakalipo, tinayamba tapita ku St George's Field, kamunda kabata ka mkati mwa yunivesite, kamene kale kanali manda a Woodhouse. Pamenepo pagona Pablo Fanque, amene dzina lake lenileni linali William Darby, wobadwira ku Norwich. Amadziwika kuti ndiye munthu wakuda woyamba kukhala ndi circus yakeyake ku Britain, ndipo anali katswiri wophunzitsa mahatchi. Anamwalira ku Stockport mu 1871, koma anadzamuika ku Leeds pafupi ndi mkazi wake woyamba, Susannah. Mayiyu anafa mu 1848, pamene mbali ina ya nyumba yamatabwa imene ankachitiramo masewero inagwa anthu ali modzaza. Mtsikana wanga anayang'anitsitsa mwala wa pamandapo, kenako anafunsa kuti, “Amayi, ndiye kuti anali wakuda ngati ifeyo?” Nditavomera, anangomwetulira n'kundigwira dzanja. Koma ineyo nkhani ya Susannah inandikhala mumtima, moti titangolowa m'chitenti ndinayamba ndaona kaye kumene kuli makomo otulukira.

M'kati munkanunkhira utuchi ndi shuga wootcha. Pakati panali bwalo lozungulira, lalikulu pafupifupi mamita 13 kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Muyezo umenewu ndi wakalekale. Philip Astley, msilikali wa pahatchi wochokera ku Newcastle-under-Lyme, anayamba kuonetsa luso lokwera hatchi ku Lambeth mu London mu 1768. Iye anaona kuti hatchi ikamathamanga mozungulira bwalo, wokwerayo savutika kuimirira pamsana pake. Kenako anawonjezerapo anthabwala, oyenda pachingwe ndi oimba, n'kukhala circus imene tikuidziwa lero.

Mtsikana wanga ankayembekezera mikango ndi njovu ngati za m'mabuku ake. Bambo ake anamufotokozera kuti kuyambira mu Januwale 2020, lamulo la ku England linaletsa ma circus oyendayenda kuonetsa nyama zakutchire. Anakhumudwa pang'ono, mpaka nditamufunsa ngati njovu zimene anaona ku Liwonde, titapita kumudzi, zingasangalale kumakhala m'lole chaka chonse. Anaganiza kaye, n'kupukusa mutu.

Magetsi atathima, ng'oma inalira mwamphamvu moti mabenchi ankanjenjemera. Wamng'ono uja anandikakamira pakhosi. Kutabwera mnyamata woponya mipira m'mwamba n'kumaiwakha, mtima wake unakhalako pansi, mpaka anayamba kuwomba m'manja. Koma posakhalitsa kunatulukira chimunthu chachitali, choyenda pamitengo, nkhope yopakidwa zoyera, milomo yofiira mpaka m'masaya. Chinabwera cha kumene tinakhala n'kuwerama kuti chipereke moni kwa ana. Mwana wanga anakuwa mokweza kuposa zoimbira zonse, thupi lonse lili njenjenje.

Mawu amene anali atafika kale pamilomo panga anali akuti, “Khala chete iwe, taona anzako akuseka.” Ndinkaganiza za ndalama zija, za tsiku limene tinavutika kulipeza, ndiponso za maso a anthu amene anali atatembenukira kwa ife. Koma ndinakumbukira tsiku lina kwathu ku Dedza, ndili wamng'ono ngati iyeyo, pamene ndinakumana ndi makanja panjira ya kumsika. Miyendo yanga inafa. Agogo anga sanandiseke ndipo sanandikalipire. Anangondiponya kumbuyo, n'kumanga chitenje, n'kudzera njira ina. Nkhope ya makanjawo ndinaiiwala, koma msana wa agogo ndimaukumbukirabe.

Ndinanong'oneza bambo ake kuti, “Tsalani ndi mkuluyu, ife tatuluka.” Ndinamunyamula mpaka panja.

Kunja kunali kamphepo kozizira ndi phokoso la magalimoto basi. Tinakhala pa kapinga chapatali, iye ali pamiyendo panga, mtima wake ukugunda ngati wa mbalame yogwidwa. Sindinamuuze kuti palibe choopsa, chifukwa kwa iye choopsacho chinalipo ndithu. Mwana wa zaka zitatu amavutika kusiyanitsa zenizeni ndi zongoyerekezera, ndipo nkhope yopakidwa utoto imabisa zimene mwana amayang'ana kuti adziwe ngati munthu ndi wachifundo kapena ayi. Ndinangomuuza kuti, “Ndili pompano, bambo. Sitilowanso mpaka iweyo utafuna.”

Tili pomwepo, chimunthu chija chinatulukira kukhomo la kuseri. Chinakhala pamwamba pa makwerero, n'kuyamba kumasula malamba a m'miyendo. Mitengo ija itagwa pansi, panatsika mnyamata wamfupi kuposa bambo a ana anga, thukuta lili kamukamu, n'kupapira botolo la madzi. Atationa anatibayibitsa. Mwana wanga anatong'ola maso, kenako anati, “Amayi, ndi munthu!”

Nthawi yopuma itakwana, bambo ake ndi mkulu wake anatipeza. Apa panabuka nkhondo ina ya pamalo ogulitsa zakudya, pamene panali mbuliwuli, zakumwa zotsekemera ndi switi uja wooneka ngati thonje, amene ndi shuga yekhayekha. A zaumoyo a NHS amalangiza kuti mwana wa zaka 7 mpaka 10 asapitirire magalamu 24 a shuga wowonjezera patsiku. Ife tinali titanyamula nthochi, manachesi, masangweji ndi madzi, ndipo ana anali atadya nkhomaliro tisananyamuke, choncho kukambirana sikunatalike. Tinagula thonje limodzi n'kugawana anthu anayi. Mbuliwuli sitinagule, chifukwa imatsamwa mosavuta ana aang'ono, monganso mtedza wosasinja.

Wamng'ono uja ndiye ananena yekha kuti tilowenso. Ulendo uno ine ndi iye tinakhala kumbuyo kwenikweni, kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo. Ndinazindikira kuti mipando yotsika mtengo ndiyo yabwino kwa mwana wamng'ono, chifukwa anthabwala safikako, zokuzira mawu zili patali, ndipo potuluka simupondaponda anthu. Njinga zamoto zitayamba kuzungulira m'chimpira chachitsulo, ndinamuveka zotchinga m'makutu zimene mnzanga wa kuntchito anandibwereka. Phokoso likafika poti muzichita kukuwa kuti munthu amene muli naye pafupi akumveni, ndiye kuti lapitirira muyezo, ndipo makutu a mwana sayenera kukhalitsa pamenepo. Kholo la mwana wodwala khunyu lingachitenso bwino kufunsiratu pogula matikiti ngati padzakhale magetsi ophethiraphethira, chifukwa ana ena amawayambitsa kugwa.

Chomaliza chinali katungwe wa m'mwamba, masewero amene Mfalansa wina, Jules Léotard, anayamba kuonetsa ku Paris mu 1859. Mayi wina anakwera mpaka kudenga la tenti, n'kusiya katungwe wake, n'kuuluka manja ali tambasu, mnzake n'kumuwakha m'mikono. Mtsikana wanga anathamangira kumene tinakhala n'kunena kuti, “Amayi, si aja anating'ambira matikiti pakhomo aja?” Analidi omwewo. Pa circus yoyendayenda munthu mmodzi amagwira ntchito zingapo. Amene wauluka m'mwamba masana mungamupeze madzulo akutola zinyalala pansi pa mabenchi.

Ntchito yeniyeni inatiyembekezera kunyumba. M'mawa mwake ndinapeza mtsikana uja atamangirira lamba wa gauni pa bedi la pamwamba, akukonzekera kuuluka, mlongo wake ataima pansi kuti amuwakhe. Ndinamasula lambayo n'kukhala nawo pansi. Ndinawakumbutsa za ukonde umene unali pansi pa mayi uja, ndi kuti anthu amenewa amaphunzira zaka zambiri, ena kuyambira ali ana, mphunzitsi ali pambali. Ndinawauzanso kuti chingwe kapena lamba pabedi n'choopsa chifukwa chingathe kukola mwana pakhosi. M'malo mwake tinayala chingwe pansi pabalaza, ndipo sabata yonse akhala akuyendapo manja ali m'mbali, bambo awo akulengeza mayina awo ngati mkulu wa bwalo.

Patapita masiku ndinadutsanso pa Woodhouse Lane ndili pabasi yopita kuntchito. Chitenti, malole ndi zovala za pachingwe zija kunalibe, kunangotsala mabowo a zikhomo ndi matayala odindika m'dothi. Ine ndinaonera theka lokha la zimene ndinalipira, koma sindikudandaula. Madzulo ake tinaimbira foni agogo awo kumudzi, ndipo wamng'ono uja analanda foni kuti afotokoze yekha. Za njinga zamoto ndi katungwe sanatchuleko. Anati, “Agogo, ndinalira, ndiye amayi ananditulutsa. Kenako munthu wamtali uja anavula miyendo.”