Maganyu olemba a pa intaneti: ena ndimatenga, ena ndimakana

Ntchito yanga ndi yolemba, koma ndilibe ofesi kapena bwana wondipatsa malipiro mwezi ukatha. Ndimalembera anthu oti sitinaonanepo maso ndi maso: mkonzi wa magazini ku Johannesburg, kabungwe ka zaulimi ku London, kampani yogulitsa masola yomwe ikufuna kuti uthenga wake umveke bwino m'Chichewa. Zida zanga ndi laputopu, foni, bandulo ndi kabuku komwe ndimalembamo amene sanandilipire. Achinyamata akamva zimenezi amandifunsa kuti, "Achimwene, maganyu amenewo mumawapeza kuti?" Ndimawauza, chifukwa palibe chinsinsi. Koma chimene chimandiikira nsima pa mbale ndi kudziwa maganyu oyenera kukana.

Misika yodziwika ndi Upwork ndi Fiverr. Pa Upwork kasitomala amalengeza ntchito, ife n'kumapikisana potumiza makalata odzichemerera. Kutumiza kalatako sikwaulere ayi. Pamafunika timatikiti totchedwa Connects, ndipo tikatha umagula tina ndi ndalama zako, ntchito uipeze kapena usaipeze. Pa Fiverr iwe ndi amene umayala malonda n'kudikira ogula, ndipo pa ndalama iliyonse imene walandira eni msikawo amadulapo 20 peresenti. Poti kalata iliyonse pa Upwork imadya Connects, sindiponya kalata paliponse. Ndimayamba ndamuwerenga kasitomalayo.

Pa Upwork mbiri ya munthu ili poyera. Umaona ngati njira yake yolipirira inatsimikizidwa, ndalama zimene walipirapo kale, komanso zimene olemba anzanga ananena atagwira naye ntchito. Ndikapeza awiri atatu akudandaula kuti amasintha maganizo ntchito itatha, ndimapitirira. Ndimawerenganso chilengezo chenichenicho mwachifatse. Wina amalemba kuti akufuna nkhani 50, zosavuta, zoti aliyense angathe. Munthu wotero wandiuziratu kuti ntchito yanga saiwerengera, ndiye pa mtengo tidzangokangana. Wina amalongosola amene adzawerenge nkhaniyo, kutalika kwake ndi tsiku loifuna. Ameneyo amadziwa chimene akugula, ndipo nthawi zambiri salipira monyinyirika. Pa ntchito ya mtengo wopanganiratu sindiyamba kulemba asanaike ndalama m'manja mwa eni msikawo, omwe amazisunga mpaka ntchito itaperekedwa.

Pa nkhani ya mtengo ndi pamene ambiri amagwera. Tinene kuti wina akupereka madola 10 pa nkhani ya mawu 1,000. Ukawasintha m'mutu kukhala makwacha, mtima umadumpha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msika ngati Fiverr ukadula gawo lake patsala madola 8. Potumiza ndalamazo kuno pamadukanso ina. Kufufuza kukudyera m'mawa wonse ndi bandulo yako, kulemba kukudyera masana, ndipo mawa kasitomala abwera ndi zoti ukonze. Ine ndimawerengera maola onsewo pamodzi ndi maola amene ndinataya posaka ntchitoyo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola inaoneka ngati yanenepa, komatu lendi, shuga ndi minibasi nazo zinakwera. Choncho wakunja ndimamutchulira mtengo m'ndalama ya kwawo, ndipo wakuno ndimamuuza masiku amene mtengo wanga ukhale usanasinthe.

Akamberembere nawo ndi ambiri. Amene akuti ulipire kaye ndalama yolembetsera, kapena ugule maphunziro ake kuti akupatse ntchito, ndi wakuba basi. Amene akufuna nkhani yathunthu yaulere kuti "akuyese" amapempha chimodzimodzi kwa anthu ambirimbiri, n'kudzaza tsamba lake osatulutsa ngakhale tambala. Ine ndimamuonetsa zimene ndinalemba kale. Akafuna zatsopano, alipire. Wina musanagwirizane n'komwe akukukokera ku Telegram kapena WhatsApp, kumene palibe woweruza zinthu zikavuta.

Pali mtundu wina wa ntchito umene umalipiradi koma ine sindiukhudza: kulembera ophunzira a m'mayunivesite akunja ntchito zawo za m'kalasi. Ku England malonda amenewa analetsedwa ndi lamulo mu 2022. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, sindingagone tulo podziwa kuti namwino kapena mphunzitsi wina watenga digiri ndi mutu wanga. Kuonjezera apo, ntchito yotere sungaionetse kwa wina aliyense. Umatha zaka ukulemba, dzina lako osamveka paliponse.

Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, maganyu a nkhani wambawamba, monga ubwino wa kumwa madzi kapena malo okongola okaona, anatsika mtengo ndipo ambiri anazimiririka. Anzanga ena anagwa ulesi n'kusiya. Ine ndinaona kuti zimene zatsala ndi ntchito zofuna miyendo ndi makutu. Mkonzi wina ankafuna nkhani ya momwe kukwera mtengo kwa feteleza kukukhudzira alimi a kachewere. Ndinakwera minibasi kukatsika pa Lizulu ku Ntcheu, pomwe msewu wa M1 umayenda m'malire ndi Mozambique. Mayi wina wogulitsa, chitenje chili m'chiuno, ndowa za kachewere atazindandalika m'mbali mwa msewu, anandiyang'ana ndi kabuku kanga n'kufunsa kuti, "Bambo, mukugula kapena mukungofunsa?" Ndinagula ndowa imodzi, ndipo apo m'pamene anamasuka. Anandiuza kuti chaka chimenecho anachepetsa munda chifukwa feteleza sanakwanire, ndipo anandisonyeza ndi chala kusiyana kwa kachewere wodya bwino ndi wanjala, tating'onoting'ono tomwe amagulitsa motchipa. Mawu ake ndi amene anatsegula nkhaniyo. Zimenezo palibe makina kapena mlembi wokhala ku London amene akanazipeza, ndipo mkonziyo analipira mosakangana.

Makasitomala otere sapezeka kawirikawiri pa misika ija. Ndimawafikira ndekha. Ndimawerenga magazini kapena tsamba lawo mpaka nditadziwa zimene amakonda, kenako ndimalembera mkonzi kalata yaifupi: nkhani yake ndi iyi, ikufunika panopa pa chifukwa ichi, ndikacheza ndi anthu awa, ndipo nazi ziwiri zimene ndinalembapo. Ambiri sayankha. Amene wayankha n'kukhutira amabweranso, ndipo amauza mnzake. LinkedIn imandithandiza kudziwa mkonzi woyenera kumulembera.

Tisanayambe, pamafunika kumvana polemba: kuchuluka kwa mawu, tsiku lopereka, kangati ndingakonze popanda malipiro ena, ngati dzina langa lidzaonekepo, komanso njira imene ndalama idzadutse. Funso lomalizali musamalichitire manyazi. Njira imene ili yapafupi kwa munthu wa ku America ikhoza kukhala yosatheka kuno, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo musanalembe chilembo ngakhale chimodzi. Ena amatumiza kubanki, ena pa Payoneer, a ku South Africa ena pa Mukuru, akuno pa Airtel Money kapena Mpamba. Kasitomala watsopano amene tapezana kunja kwa misika ija ndimamupempha theka la ndalama poyamba. Pa tsiku lopereka ndimaonjezera tsiku limodzi lapadera, chifukwa magetsi ndi netiweki sizilonjeza, ndipo wakunja samva zoti kunali mdima.

Inu amene mukufuna kuyamba, lembani kaye nkhani zitatu zabwino za zinthu zimene mukuzidziwa kwanuko, kaya ndi usodzi wa ku Mangochi, tiyi wa ku Thyolo kapena makabaza a ku Mzuzu, muziike pamene munthu angaziwerenge. Muzikafunsira ntchito ndi zimenezo, ndipo musalipire munthu aliyense kuti akupatseni ganyu.