Kodi Mlembi Amapezapo Chiyani?

Mwezi wathawu ndinaitanidwa kukacheza ndi ophunzira a Fomu 4 pa sukulu ina kwathu kuno kwa Ngokwe. Nditamaliza kuyankhula, mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Agogo, zaka zonsezi mwakhala mukulemba, mwapezapo chiyani?" Anzake anaseka, koma funsolo linali lanzeru. Ndinamuyankha mwachidule chifukwa belu linali litalira kale. Pano ndikufuna ndimuyankhe bwinobwino, pamodzi ndi inu nonse amene mukukonzekera mayeso a MSCE.

Ine ndinakulira m'banja loyankhula Chiyao, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Chichewa ndinachidziwira kusukulu, boma litalamula m'chaka cha 1968 kuti chikhale chiyankhulo cha dziko lonse. Ndili Sitandade 7, aphunzitsi athu anandibwereka buku la Nthondo lomwe analemba a Samuel Josia Ntara. Ndinkaliwerenga usiku pa koloboyi mpaka mayi anandikalipira kuti ndikuwathera palafini. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti m'bukumo munali anthu akumudzi ngati ife tomwe. Ndinadziuza kuti ngati mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma anatulutsa buku lonena za kwawo m'chaka cha 1933, nanenso ndingathe kulemba za kwathu.

Walira mvula walira matope. Nditayamba ntchito yauphunzitsi, masana ndinkakhala m'kalasi, usiku n'kumalemba m'makope. Kuti nkhani ifike kwa akonzi, ndinkapalasa njinga mpaka ku Ntaja kukaponya kalata. Zambiri sizinkayankhidwa n'komwe. Buku langa loyamba ndinalilemba pamanja zaka zitatu, ndipo ndinatumiza kope lokhalo lomwe ndinali nalo ku kampani ina yosindikiza mabuku. Patapita chaka anandiuza kuti lasowa. Ndinalira ngati mwana, kenaka ndinayambiranso.

Bukulo litatuluka, ndalama zoyamba zomwe ndinalandira zinangokwanira thumba limodzi la feteleza ndi nsapato za mwana. Mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo a ana, kodi mapepalawa ndi amene tizidya?" Sindinawayankhe, chifukwa ankanena zoona. M'dziko muno buku limagulidwa kwambiri likasankhidwa kukhala la mayeso, ndipo ngakhale likatero, buku limodzi limazungulira kalasi lonse. N'chifukwa chake alembi athu ambiri akhala ali aphunzitsi, atolankhani kapena ogwira ntchito m'boma.

Vuto lina linali mantha. M'chaka cha 1968 chomwechi, boma linakhazikitsa lamulo lopatsa bungwe lina mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku. Chitsanzo chomwe chili pafupi nafe ndi cha a Jack Mapanje, mlakatuli amene anabadwa m'chaka cha 1944 m'mudzi wa Kadango ku Mangochi, boma loyandikana ndi Machinga. Buku lawo la ndakatulo za m'Chingerezi, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa m'chaka cha 1981, koma m'chaka cha 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo. Mu Sepitembala 1987 anawamanga akuphunzitsa ku Chancellor College, n'kuwatsekera kundende ya Mikuyu kufupi ndi Zomba, popanda kuwazenga mlandu. Anatuluka mu Meyi 1991, patatha zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Nditamva za kumangidwa kwawo, ndinatenga makope anga awiri a ndakatulo n'kuwatentha kuseri kwa nkhokwe. Palibe amene anandiopseza, ndinadziopseza ndekha. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi, makamaka ndikakumbukira zomwe a Mapanje anachita. Iwo m'ndendemo ankapeka ndakatulo m'mutu n'kumaziloweza, ndipo atatuluka anasindikiza buku lina, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, m'chaka cha 1993. Komabe mtengo wake unali waukulu: anachoka m'dziko muno ndi banja lawo kukakhala ku England. Munthu womangidwa anasunga ndakatulo zake, ine mfulu ndinatentha zanga. Kuchokera pamenepo sindinatayenso chilichonse chomwe ndalemba.

Nanga phindu lili pati? Tsiku lina ndinakwera basi pa Balaka kubwerera kumudzi. Kutsogolo kwanga kunakhala mtsikana wasukulu ndi mayi ake, ndipo mtsikanayo ankawawerengera buku mokweza. Nditatchera khutu, ndinazindikira kuti ndi buku langa lija. Mayiwo, omwe ankaoneka kuti sadziwa kuwerenga, anadula mwana wawo pakamwa n'kunena kuti, "Iwe, mwamuna ameneyu ndi wabodza, mkaziyo asamukhulupirire!" Anakangana za mpangankhani wanga mpaka pa Liwonde, ngati kuti ndi munthu wa m'mudzi mwawo. Sindinadziulule. Ndinangokhala chete, misozi ili m'maso. Munthu amene ndinamuumba pa koloboyi kwa Ngokwe anali atakhala wamoyo m'mitima ya anthu osandidziwa.

Tsono mdzukulu wanga, yankho ndi limeneli: ndalama ndapeza zochepa, nyumba yanga ndinamangira malipiro auphunzitsi ndi mpunga wa kudimba. Chomwe kulemba kwandipatsa ndi anthu ondimvera, ena amene sindidzakumana nawo. A Ntara anamwalira m'chaka cha 1976, koma buku lawo likuwerengedwabe.

Inu ophunzira, mukamawerenga mabuku a mayeso, musamangoloweza mayina a apangankhani ndi malo ochitikira nkhani. Muzidzifunsa kuti, kodi mlembiyu chinamupweteka n'chiyani kuti alembe zimenezi? Nanga n'chifukwa chiyani pena wabisa mfundo yake m'fanizo kapena m'mwambi? Mukayankha mafunso amenewa, mutu wa nkhani ndi phunziro lake simudzavutika nazo m'chipinda cha mayeso. Ndipo ngati wina mwa inu akumva kuti dzanja likumuyabwa, ayambe lero m'kope lomwe ali nalo. Alembe za anthu amene amawadziwa, asunge kope lachiwiri la chilichonse chomwe watumiza, ndiponso alimbikire sukulu kuti adzakhale ndi ntchito yomudyetsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.