Za Zipangizo za pa Njinga

Ndifuna kukamba nanu za njinga ndi za tizipangizo tatsopano timene anthu amanga pa njinga masiku ano. Nchito yanga ndiyo kulemba mapulogalamu, ndiwo malamulo amene kompyuta ndi foni ziyendera. Ndipo popita ku nchitoyo ndipalasa njinga m'mawa ndi madzulo m'miseu ya Lilongwe. Cifukwa ca izi ziwiri, ndikafika kumudzi anthu andifunsa kawirikawiri kuti, Tigule ciani? Wina afuna nyali, wina afuna kowerengera mtunda, wina wamva kuti m'foni muli mapu olozera njira. Yankho langa kwa onsewa liri limodzi, ndipo ndinaliphunzira pa nchito yanga.

Ife olemba mapulogalamu tiri ndi mwambo wotere: tikatha kupanga cinthu, sitikhutira pociona cirikuyenda bwino tsiku labwino, koma ticiyesa dala ndi tsiku loipa. Tizima magetsi, tidula intaneti, tilowetsa ciwerengero colakwa, kuti tione cimene cidzacita. Pakuti zinthu zonse zikoma m'sitolo, monga anati akuru, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tsono funso limene ndifunsa cipangizo ciri conse ca njinga ndi ili: Tsiku limene batire latha, netiweki yasowa, ndi mvula irikugwa, iwe udzandicitira ciani? Cimene ciyankha bwino ndico ndicikhulupirira.

Njinga yeniyeniyo ipambana mayeso awa. Maonekedwe ace amene tiwadziwa, a magudumu awiri olingana ndi cheni coyendetsa gudumu la m'mbuyo, anawakonza John Kemp Starley ku Coventry, ku England, m'caka ca 1885. Ndipo m'caka ca 1888 John Boyd Dunlop ku Belfast anapanga tayala lopopera mpweya. Zapita zaka zoposa 130, ndipo kufikira lero mmisiri wokhala patsinde pa mango pa msika uli wonse akhoza kuimasula yonse ndi kuimanganso. Cifukwa cace zipangizo zoyamba kugula ndizo zosamalira njingayo: pampu, zigamba ndi guluu wace, ndi sipanala yolingana ndi manati a magudumu anu. Munthu amene waphulitsa tayala pakati pa dambo sathandizidwa ndi foni, ingakhale ya mtengo wapatali.

Onjezanipo lula wa ana a sukulu, pakuti ndi iye mudzadziwa za cheni canu. Pa cheni catsopano, mukayamba pa msomali umodzi ndi kuwerenga misomali 24 yotsatira, mupeza mainchesi 12 enieni, ndiwo masentimita 30 ndi theka. Cheni cikagwira nchito misomali yace idyeka, ndipo citalika pang'ono pang'ono. Mukayesa ndi kupeza kuti capyola ndi mamilimita 3, catha. Cisintheni cisanadye mano a zitsulo zimene ciyendapo, pakuti zimenezo nzodula koposa.

Za nyali ndinena mosaseka, pakuti apa pali moyo wa munthu. Woyendetsa galimoto usiku saona njinga yopanda kuunika kufikira atayandikira ndithu, ndipo pamenepo mabuleki sathandizanso. Kutsogolo kufunika nyali yoyera, kumbuyo yofiira. Nyali ziripo za mitundu iwiri. Za batire, zimene tidzaza ndi cingwe conga ca foni, ziwala kwambiri, koma zitha patapita maora owerengeka, ndipo sizisankha pothera. Za dayinamo zitenga mphamvu ku gudumu lomwe, ndipo dayinamo wa masiku onse apatsa mavolti 6 ndi mawati 3. Malinga mupalasa, kuunika kulipo. Koma nayenso ali ndi bvuto lace, pakuti uja wokhuza tayala aterereka m'matope, ndipo nyali zambiri zotere zizima mukaima. Tsono pali kanthu kacitatu kosafuna batire kapena kupalasa, ndiko kagalasi kofiira kobweza kuwala kwa galimoto. Kameneka ndiko kochipa koposa zonse, ndipo sikadwala. Pa njinga yanga pali zonse zitatu, kuti cimodzi cikalephera cinzace cigwire. Wosowa ndalama ayambe ndi kagalasiko ndi malaya oyera, makamaka anyamata a kabaza amene anyamula ana a eni pa kaliyala kutada.

Kowerengera mtunda kakale, kamene amanga pa handulo, ndikakonda cifukwa macitidwe ace ngosabisika. Pa sipoko imodzi amangapo maginito, ndi pa foloko kanthu kakumva maginitoyo akamapita. Gudumu likazungulira kamodzi, kawerenga kamodzi. Pamenepo kacurukitsa ndi utali wa kuzungulira kwa tayala. Pa njinga zathu zazikuru za mainchesi 28, gudumu likazungulira kamodzi lipita ngati mamita 2 ndi masentimita 20. Motero pa kilomita imodzi lizungulira ngati ka 450. Kuti kasakunamizeni, yesani tayala lanu nokha. Ikani vavu pansi penipeni, lembani mzere pa dothi, khalani pa njinga ndi kuikankha kufikira vavu itabwereranso pansi, lembani mzere wina, nimuyese pakati pace ndi tepi. Ciwerengero cimeneco ndico mulowetse. Kanthuka sikafuna netiweki, ndipo kabatire kace kakhala miyezi yambiri.

Tsono tifike pa foni. Ambiri ayesa kuti foni idziwa pamene muli cifukwa ca bandulo imene mwagula. Si tero iai. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita ngati 20,200, kuli makina ochedwa masetilaiti a GPS, amene boma la America linayamba kuponya m'caka ca 1978. Ali oposa 24, ndipo ali yense azungulira dziko kawiri pa tsiku, nalengeza kosaleka pamene ali ndi nthawi yace. Foni ingomvera. Ikamva anai kapena oposa, iwerengera nthawi imene mau a ali yense anatha panjira, nipeza malo ace. Poyamba mau a anthu wamba anali osokonezedwa dala, koma m'Meyi 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamulira kuti aleke kutero. Ndipo lero pa malo oyera foni iphonya ndi mamita owerengeka okha. Pansi pa mitengo yowirira ndi m'zigwa za mapiri iphonya koposa, cifukwa siona thambo lonse.

Cimene cidya bandulo ndico cithunzi ca mapu, pamene foni icitenga pa intaneti. Cifukwa cace sankhani pulogalamu yolola kusunga mapu m'foni momwemo, monga OsmAnd kapena Organic Maps. Mukafika pa malo a intaneti yabwino, tengani mapu a Malawi yense kamodzi. Pambuyo pace adzakutsogolerani ngakhale kumene kulibe netiweki konse. Dziwaninso kuti cotha batire msanga ndico galasi loyaka. Ine ndizima galasi, ndiika foni m'kathumba ka pulasitiki kuopa mvula ndi pfumbi, ndi kuisunga m'thumba la malaya. Ndikafuna kuona njira ndiima pambali. Woyang'ana foni alikupalasa saona dzenje, kapena mbuzi, kapena mwana wothamangira mpira.

Mapulogalamu ena alemba maulendo anu onse, mtunda ndi liwiro, nasunga mbiriyo m'makompyuta a eni ace kutsidya kwa nyanja. Nzokondweretsa, ndipo kwa wocita malonda nzothandiza, pakuti adziwa mtunda umene tayala lace layenda. Koma taonani cimene cinacitika pa 23 Julayi 2020. Mbala za pa intaneti zinatseka makompyuta a kampani ya Garmin, yopanga mawochi ndi zowerengera za njinga, ndipo masiku angapo anthu a maiko ambiri sanakhoza kutumiza maulendo ao kapena kuona mbiri yao pa intaneti. Ngati zitero ndi kampani yaikuru, nanga yaing'ono? Fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Musanakonde pulogalamu, yang'anani ngati ilola kuturutsa maulendo anu m'fayilo yochedwa GPX, imene mapulogalamu ambiri akhoza kuwerenga. Ine ndicita izi kutha kwa mwezi uli wonse, ndipo ndisunga pawiri, m'kompyuta ndi m'kakhadi kosungira zinthu. Lamulo lomweli ligwiranso pa zithunzi za ana anu ndi maina a amene akukongolani. Cosungidwa pa malo amodzi okha ciri pafupi kutayika.

Palinso cina coopsa koposa kutaya mbiri, ndico kuipereka kwa osayenera. M'Novembala 2017 kampani ya Strava inaonetsa mapu a dziko lonse, owala pamene anthu ace anathamanga ndi kupalasa. M'Januwale 2018 wophunzira wa ku Australia, Nathan Ruser, wa zaka 20, anazindikira kuti m'zipululu za Afghanistan ndi Syria mukuwala timizere tozungulira. Timeneti tinali misasa ya asilikari, amene anathamanga m'kati mwa malinga ao atabvala zipangizo zao. Ngati mapazi a asilikari anaulula misasa yao, a inu adzaulula khomo lanu. Mzere woyamba ndi kutha pa nyumba imodzi masiku onse uuza mbala pamene njinga igona, ndi ora limene mwini nyumba acoka. Kwa atsikana ndi amai oyenda okha coopsaco cikula. Tsono tsekani maulendo anu kuti asaonekere anthu onse, ndipo yambani kulemba mutapitirira kwanu pang'ono.

Koma pali zina zoyenera kuonekera anthu onse, ndizo njira, milatho, zitsime, sukulu ndi zipatala. Mapu amene OsmAnd ndi Organic Maps ziwerenga acokera ku nchito yochedwa OpenStreetMap, imene Steve Coast anayamba ku Britain m'caka ca 2004. Mapu amenewa salembedwa ndi boma kapena kampani imodzi. Munthu ali yense aloledwa kuonjezapo cimene acidziwa, kwaulere. M'caka ca 2014 anthu analemba midzi ndi njira za ku Nsanje m'mapuwa pokonzekera madzi osefukira, kuti othandiza adziwe kumene kuli anthu ndi podzera kuwafikira.

Caka cina, nditapita kumudzi nthawi yokolola, ndinaonetsa mapuwa kwa atsibweni anga. Anayang'ana nthawi yaitali, napeza mseu waukuru ndi msika, koma njira yathu yodutsa pa dambo kunka ku cipatala sanaipeza. Pamenepo anati, Mphwanga, kodi eni mapuwa sayesa kwathu kuno mudzi? Ndinayankha kuti, Iai atsibweni, eni ace ndife tomwe; sanalembe cifukwa palibe wa kuno anawauza. M'mawa mwace tinakwera njinga, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi foni irikulemba m'thumba. Anandiimitsa pa mphambano iri yonse, nachula dzina la mtsinje, la citsime ndi la mudzi, ndipo ine ndinalemba m'kabuku. Nditabwerera ku Lilongwe ndinalowetsa zonsezo, kuti mlendo wodza ndi mankhwala, kapena wodzatenga wodwala usiku, asasocere.

Pa ulendo womwewo atsibweni anandisonyeza pooloka pena, nati, Apa m'Febuluwale usayese, madzi afika m'cifuwa. Udzere kumtunda kwa mkuyu uja. Mau otere foni iribe. Iyo idziwa njira yaifupi, koma sidziwa kuti mvula inagwa usiku ku phiri, kapena kuti mlatho wa mitengo unapita dzana. Cifukwa cace, mungakhale muli ndi mapu m'thumba, musapitirire munthu wa pa malopo osampatsa moni ndi kumfunsa za njira. Safunsa anadya phula.

Tsono abale, pogula tsatani dongosolo ili. Yambani ndi mabuleki ogwira, pampu ndi zigamba. Pamenepo kagalasi kofiira ndi nyali. Zikatha izi, ngati m'thumba mwatsala kanthu, ganizani za kowerengera mtunda. Ndipo amene ali kale ndi foni aikemo mapu osafuna netiweki, pakuti amenewa ngaulere. Wogulitsa akakuonetsani cinthu conyezimira, mfunseni mofatsa cimene cidzacita batire litatha, ndi amene adzacikonza cikafa. Akayankha momveka, gulani. Akayamba kuzungulira, bwezani ndalama zanu m'thumba, mukagule cubu catsopano.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana odziwa foni, musaleke akuru a m'mudzi mwanu apite ndi maina a mitsinje ndi njira osalembedwa. Khalani nao, afunseni, lembani. Muyende bwino pa njinga zanu, ndipo mufike kwanu kusanade.