Dzina Lotsala Papepala

Ife amene ntchito yathu imatifikitsa pamaliro kawirikawiri, tazolowera kumva kulira kwa mitundu iwiri. Kulira koyamba n'kwa kumanda, ndipo kumazilala m'kupita kwa nthawi. Kwachiwiri kumadza patapita miyezi, pamene mayi wamasiye atigogodera pakhomo akuchokera ku ofesi ya penshoni, atauzidwa kuti dzina lili papepala si lake ndipo si la ana, koma la mkazi amene malemu analekana naye kalekale.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Ku America kunali bambo wina, David Egelhoff, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Boeing. Ukwati wake unatha kukhoti mu April 1994, ndipo patangopita miyezi iwiri anamwalira atachita ngozi ya galimoto, asanasinthe dzina pa inshuwalansi ya moyo ndi pa penshoni yake. Madola 46,000 a inshuwalansi anapatsidwa kwa mkazi wolekana nayeyo. Ana ake awiri, obadwa mu ukwati wina wam'mbuyo, anakasuma. Koma mu 2001 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti oyendetsa thumba la ndalamazo ayenera kutsata dzina lolembedwa.

Tikaganizira nkhaniyi, tiona kuti pepala silidziwa za mumtima. Silidziwa amene anapirira nawe m'chipatala, kapena mwana amene akudikira fizi. Limangonena mawu omwe tinalipatsa tsiku lija tinkayamba ntchito, ndipo limawanena pamene ife sitingathenso kuwakonza.

Kuno ku Malawi, lamulo la penshoni la 2010 linalamula olemba anthu ntchito kuti aziwasungira penshoni ndi kuwalipirira inshuwalansi ya moyo. Chotero ambiri a ife tinadzaza fomu yotchula odzalandira ndalamazo tikadzamwalira. Nanga ndani wa ife anabwererako kukaiwerenganso?

Sitikuti kutha kwa banja n'chinthu chopepuka. Ansembefe chimatiwawa, ndipo zimene Mpingo uphunzitsa pa ukwati n'zodziwika. Koma ngakhale banja lithe, udindo wa kholo sukutha. Tsono amene wakwatiranso asathamangire kufufuta maina onse akale kuti akondweretse nyumba yatsopano, pakuti ana a nyumba yoyamba akali magazi ake. Akhale pansi, awerenge onse amene amadya thukuta lake, agawe magawo mwachilungamo, ndipo awauze eni ake akali moyo, kuti pasadzakhale kulozana zala pasiwa.

Tidziwa kuti ambiri timaopa kukamba za imfa, ngati kuti kuitchula n'kuiitana. Koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Abale athu okondedwa, mwezi uno usanathe, pitani kwa amene amasunga mapepala anu kuntchito, mupemphe fomu ija, muwerenge dzina lili pamenepo.